A Kamarada ndi Liwu Lobedwa

Mwezi watha tinakamanga chiliza cha a Esinati Nampuluma kumudzi kwawo, kuseri kwa Nkando. Dzina limeneli ndalilemba dala, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu amene munkadutsa pashopu pawo tsiku ndi tsiku mukukanda mutu kuti ameneyo ndiye ndaninso. Ndi a Kamarada. Ngakhale abusa, tsiku la maliro chaka chatha, anayamba bwinobwino ndi dzina la ubatizo, koma pofika pakati pa ulaliki lilime linawaterera n'kunena kuti Kamarada wathu watsogola. Anthu anaseka misozi ili m'masaya, ndipo abusawo sanabweze mawu.

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde limodzi ndi shopu yawo yotaipira makalata kuyambira tsitsi langa lili lakuda, ndipo nthawi yonseyi makutu anga sanapumepo. Ena amalipira fizi kuti aphunzire za dziko lapansi. Ine ndinaphunzira popanda kufunsidwa ngati ndikufuna, phazi lili pa chopondera.

Ankafika m'mawa nkhungu isanachoke m'phiri, atavala juzi yachimuna pamwamba pa chitenje chomwe iwo ankachitcha kapulana. "Moseliwa, a Telala?" Moni ankaupereka m'Chilomwe kwa aliyense, ngakhale kwa mlendo wongotsika kumene m'minibasi, ati munthu wodya chinangwa cha kuno aphunzireko liwu limodzi. Akatsegula chitseko, choyamba kuyatsa inali wailesi, ndipo ankaimvera ngati mmene ena amamvera mlandu wa m'bale wawo: kuiyankha, kuitsutsa, nthawi zina kuiloza chala. Nkhani zikatha ankatembenukira kwa ine, chifukwa wailesi siyankha.

Liwu loti bwana sankalifuna pakhondepo. Ukamutcha kasitomala bwana, iwo ankatulutsa mutu pazenera n'kumaunguza uku ndi uku ngati asowetsa mbuzi, kenako n'kufunsa kuti bwanayo ali kuti kuti nawonso amuone. Kwa iwo aliyense anali kamarada: wapolisi, wakabaza, abusa, ngakhale akuluakulu a ku Boma obwera pa galimoto zoziziritsa m'kati. Liwuli, lotanthauza mnzako womenya naye nkhondo imodzi, anabwera nalo kuchokera kutsidya kwa Muloza, ku Mozambiki, ndipo poti ankaliwaza paliponse, linabwerera kwa mwini wake n'kumukakamira.

Tiyi ankamwa wambiri, wafumbi wotchipa uja, ndipo kapu iliyonse inali ndi ulaliki wake. Ankati ife obzala, othyola ndi osenza timamwa zosesa pansi, tsamba labwino likukwera sitima, ndipo mtengo wake amaukhazika anthu amene sananyowepo ndi mame a m'tiyi mpaka m'chiuno. Feteleza atakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ulaya, anthu ankangoti dziko latha. Iwo anatola choko changa chodulira nsalu n'kujambula mayiko onse okhudzidwa pa nsalu yomwe inali patebulo: uyu amakumba ichi, uyu ali ndi doko, uyu amabwereketsa ndalama, ife tili apa kunsonga kwa mchira. Nsaluyo inali ya suti ya mkwati. Ndinaipukuta mmene ndikanathera, koma ndikukhulupirira kuti mnyamata uja anakwatira ali ndi nyanja kumsana. Nthawi ya mliri wa korona anakhala sabata yathunthu akuwira, ati katemera wapezeka koma eni ake atsekera njira yopangira m'kabati, ngati munthu wobisa chitsime mudzi ukupsa.

Mfundo yawo inali imodzi, inkangosintha malaya: chinthu chopangidwa ndi manja ambiri chisamathere m'thumba la munthu mmodzi. Ankaitcha sosholizimu mosanong'ona. Kutchalitchi sankajomba, ndipo abusa ena atawachenjeza kuti maganizo amenewo ndi a anthu osapembedza, anawayankha kuti ndiye akachenjezenso atumwi, poti ndiwo anayamba kuika zinthu pamodzi. Koma musaganize kuti ankaombera m'manja aliyense wokweza chibakera. Atsogoleri olankhula za anthu wamba mimba zikukankha malamba ankawatcha makamarada a pakamwa, ndipo ankawanyoza kuposa mmene ankanyozera eni minda. Mwini munda, ankatero, sakunamiza kuti ndi m'bale wako. Za nkhondo ya ku Mozambiki, yomwe inawalanda mwamuna n'kuwabweza kuno wapansi mtolo uli pamutu, sankazikamba. Ukawafunsa nkhaniyo ankakutuma madzi.

Zolakwika anali nazo, ndisawapake mafuta. Kumvetsera kunkawavuta. Ukayamba kulankhula ankakuyang'ana mwaulemu, koma unkaona kuti akungodikira kuti upume mpweya. Ndiponso akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhupakupa.

Taipi anaiphunzira ali mtsikana mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi, komwe anawachotsa ntchito atafunsa manijala chifukwa chimene mayi wobereka mwana ankadulidwira tsiku lonse mvula ikamubweza masana. Makina a taipi ndi omwe anawadyetsa atabwerako kunkhondo. Makompyuta atafika, anthu anasiya kufuna zilembo za taipi, ndipo tonse tinkati basi, a Kamarada atseka. Iwo anakwera minibasi ya ku Blantyre n'kubwera ndi kompyuta yakale pamiyendo, ataikulunga m'bulangete ngati wodwala. Anaiphunzira okha, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akuitukwana m'zilankhulo zitatu. Itangoyamba kuwamvera, inayamba kutulutsa uthenga woti pulogalamu yake si yovomerezeka, ndipo akagule kiyi kwa eni ake kunja. Tsiku limenelo ndinaopa kuti aiponya mumsewu.

"A Telala, tabwerani mudzaone malodza kuno. Ndagula khasu ndi thukuta langa, ndiye khasulo likuti ndisalime mpaka ndikapemphe kwa wosula. Munamvapo inu?"

Amene anawapulumutsa ndi aphunzitsi a Mwalabu a kusekondale, bambo wofatsa wophunzitsa masamu. Anabwera ndi kafulashi m'thumba la shati, anafufuta zonse n'kuikamo pulogalamu ina. Anafotokoza kuti imeneyi ilibe mwini mmodzi. Anailemba anthu ambirimbiri a mayiko osiyanasiyana, ambiri mwa iwo osadziwana n'komwe, ndipo anasiya poyera mmene anailukira kuti aliyense athe kuona m'kati, kukonza pamene palakwika, kusintha zomwe sizikumuyenera ndi kupatsako mnzake osapempha kwa munthu. Lamulo lake lalikulu n'loti ukaikonza n'kuigawa, usawatsekere ena chitseko chimene iwe unachipeza chotsegula.

A Kamarada anafunsa ngati aphunzitsiwo sakuwaseweretsa. Madzulo ake tikutseka anandiuza, maso atalengeza misozi, kuti moyo wawo wonse anthu akhala akuwauza kuti za tonse sizipita patali, kuti munthu sagwira ntchito popanda chikoti kapena malipiro, ndiye nachi chinthu cha tonse chikusindikiza makalata bwinobwino pa Nkando. Ndinawaona akusangalala kambiri, koma tsiku limenelo anali ngati wamasiye amene wauzidwa kuti ali ndi abale.

Ukaitcha pulogalamuyo yaulere ankakudzudzula pomwepo. Zaulere, ankatero, ndi zomwe wolemera amakuponyera kuti umuvinire, koma iyi ndi yotseguka. Ankaifanizira ndi chinangwa: mnzako akadula mtengo wake m'munda mwako n'kukabzala kwake, munda wako suchepa.

Posakhalitsa anayamba kupemphetsa makompyuta otayidwa m'maofesi, aja amati achita ukalamba, ndipo a Mwalabu ankawadzutsa mmodzimmodzi ndi kafulashi kawo kaja. Loweruka masana shopu inkadzaza: amayi a mumsika, othyola tiyi, akabaza, ndi ine ndemwe, poti khomo linali lomwelo. Chotchinga chinali Chingerezi. Mayi wodziwa kuwerenga bwinobwino ankauma dzanja akaona mawu achilendo pasikirini. A Mwalabu ataonetsa kuti mawu amenewo angathe kusinthidwa, a Kamarada anaimirira n'kulengeza kuti kompyuta ya pa Nkando ilankhula Chichewa. Tinagwirizana kuti liwu lililonse lizidutsa pa manja: wina apereke ganizo, tikangane, kenako tikweze manja. Wolowa m'kati kukasintha anali a Kamarada okha, chifukwa mawu achinsinsi otsegulira anali m'mutu mwawo. Tsegula, Sunga, Tseka ndi Sindikiza anadutsa mosavuta. Pa Fufuta ndi Taya tinatsala pang'ono kugwirana m'makolala.

Panali batani lina lomwe munthu amadina akasokonezeka, kuti limufotokozere chochita. Pa Chingerezi amati helepu. Mwana aliyense wa sitandade wani akanakuuzani kuti limenelo ndi Thandizo. Koma Loweruka lomwe batanilo linayenera kukambidwa kunagwa chimvula, anthu sanabwere, ndipo a Kamarada, mtima utawatsogolera, analemba okha liwu lomwe anali atalisunga zaka zambiri: Thangata.

Kwa inu akutali liwu limeneli mwina silingakudzidzimutseni. Kwa ife akuno ndi chilonda. Makolo athu atathawa nkhanza za Apwitikizi n'kuwolokera kuno, anapeza malo ali m'manja mwa azungu a minda. Kuti umange nyumba pamalopo unkayenera kukagwira ntchito m'munda wa mzungu, ndipo ankakufuna dzinja, nthawi yomweyo imene munda wako ukulira khasu. Ukakana, kapitawo ankabwera ndi chikoti, kapena ankakugwetsera nyumba. Ntchito imeneyo ndiyo ankaitcha thangata.

A Kamarada ankati liwulo silinabadwe loipa. Kale kuthangata kunali kuthandizana basi: mnzako akadwala nthawi yopalira, mudzi unkapita kukamuthangata, mawa iye n'kudzathangata wina. Azungu, ankatero, sanangotenga malo. Anatenganso liwu lathu lokoma kwambiri n'kuliveka ukapolo, kuti ukapolowo uzimveka ngati kukomerana mtima. Thangata wa chikoti anatha, mbendera inasintha, koma palibe amene anapita kukalitenga liwulo, ndipo tinangolisiya m'manja mwa akuba ngati kuti linali lawo. Tsono nachi chinthu chomangidwa ndi anthu othandizana osakakamizidwa, ndiye dzina lake lenileni n'chiyani? Ndikuvomera, mfundoyo inali yokongola.

A Dayisoni ndi mlongo wawo wamkulu, mwinimbumba wa banja lonselo, mkulu wa mpingo, munthu amene anagwira ulonda kufakitale ya tiyi mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Awiriwa ankakangana pa chilichonse kuyambira ali ana, koma tsiku la msika silinkadutsa a Dayisoni osabwera kudzakhala pakhonde kudya chinangwa chootcha ndi chemwali wawo. Tsiku limenelo anabwera kudzataipitsa chilengezo cha mpingo. Anaweramira pasikirini kuti aone ngati dzina lawo lalembedwa bwino, ndipo chala chawo chinaima pakona, pa batani lija.

"Chemwali, ichi n'chiyani?"

"Ndi pomwe munthu amadina akafuna thandizo, achimwene."

"Kuwerenga ndimatha. Ndikufunsa kuti ichi n'chiyani."

A Kamarada anayamba kufotokoza monga mwa nthawi zonse, za liwu lobedwa, za makolo, za kulitenganso. A Dayisoni sanawadikire kuti amalize.

"Iwe unali kumsana kwa amayi, sunaone kanthu. Ine ndinaona. Ndine ndinkanyamula madzi ofunda otsukira msana wa ababa. Ndinaona chimanga chathu chikumira m'tchire, ababa akupalira tiyi wa mzungu. Chaka chimenecho tinaika Luwisi, mng'ono wanga, mlongo wako amene nkhope yake suidziwa n'komwe. Ndiye lero ukuti ana athu akasowa chochita azidina pamenepo?"

"Ndiye chifukwa chake, achimwene. Anatibera. Tikalitenge."

"Mpeni umene unapha m'bale wako sudulira papaya, ngakhale unali wako." Anatola ndodo yawo. "Liwu limeneli likakhala muno, phazi langa siliponda khonde lino. Ndanena."

Anapita osatenga chilengezo chija, ndipo sanabwerenso. Nyengo yozizira ya chiperoni inabwera n'kupita. Tsiku la msika tinkawaona akudutsa kutsidya kwa msewu, nkhope atailozetsa kuphiri. Kumudzi nkhani inavuta, chifukwa mdzukulu wa a Kamarada anali atapeza mwamuna, ndipo chinkhoswe sichikanayenda popanda a Dayisoni, omwe anangoti akambe ndi kompyutayo. Abale anayesa uku, anayesa uku, onse anabwerako manja ali m'khosi. A Kamarada ankadzionetsa ngati sizikuwakhudza. Koma chinangwa ankagulabe cha anthu awiri, ndipo dzuwa likapendeka ankandikankhira chinacho. Ndinanenepa ndi chinangwa cha mkangano. Ndinkawaona akusiya kutaipa pakati pa chiganizo, maso ali kumsewu, ndipo zinkandimvetsa chisoni kwambiri.

Ine ndinali mbali ya a Dayisoni, ndipo ndinawauza a Kamarada m'maso muli gwa. Agogo anga nawonso anamwalira akudzidzimuka akamva liwu limenelo. A Kamarada anandiuza kuti ndili ndi maganizo a zigamba, ndipo anakhala masiku angapo akundipatsa moni wa Chichewa, chomwe kwa iwo chinali chilango chachikulu.

Amene anaboola chithupsa ndi mayi Nasiyaya, ogulitsa tomato, mayi wamfupi wosaopa munthu. Loweruka lina anangoima pakati pa phunziro.

"A Kamarada, mesa munati kompyutayi ndi ya tonse?"

"Ndi ya tonse."

"Nanga liwu lili pakonali linadutsa pa manja a ndani? Ine langali silinakwere."

Panalibe pothawira. A Kamarada anaika tsiku loti liwulo lidutse pa manja. Loweruka lotsatira anthu anadzaza mpaka pa makina anga, ena amene kompyuta sanaikhudzepo n'kale lonse. A Dayisoni nawonso anabwera, koma anaima pabwalo padzuwa, phazi limodzi kutali ndi khonde, atatsamira ndodo.

A Kamarada analankhula tsiku limenelo kuposa masiku onse omwe ndinawamvapo. Sanakuwe. Anati mtundu umene umasiya mawu ake abwino m'manja mwa owazunza udzatsala ndi mawu otukwanira okha. Anati ana athu akudziwa thangata wa mzungu, koma sakudziwa kuti agogo awo anali ndi thangata wawo, wopanda kapitawo, ndipo mwana wosadziwa zimenezo amakula akuganiza kuti kugwirira ntchito limodzi n'kwa akapolo. Atamaliza, mayi Nasiyaya anayankha mwachidule.

"Zonse mwanenazo n'zoona. Koma agogo anga anaberekera m'mizere ya tiyi chifukwa cha liwu limeneli. Ine ndikasokonezeka n'kufuna kudina pamenepo, ndimamva ngati ndikukagwada kwa kapitawo. Ndiye ndimangokhala osadina."

A Mwalabu anaitanitsa manja. Ofuna Thandizo: chipinda chonse, ndi khonde lomwe. Ofuna Thangata: dzanja limodzi. A Kamarada analikweza mpaka m'mwamba, chigongono chowongoka, n'kuyang'ana aliyense wa ife kumaso. Palibe amene anawatsatira.

Tonse tinkadziwa kuti mawu otsegulira ali m'mutu mwawo mokha, shopu ndi yawo, magetsi amalipira ndi iwo. Akanatha kunena kuti amene sakufuna akagule yake, ndipo kunena zoona ambiri tinkayembekezera zomwezo, poti tinkawadziwa. Iwo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya kapulana. Kenako anayamba kukamba zimene anali asanatikambirepo.

"Mozambiki atalandira ufulu, ine ndi malemu amuna anga tinawoloka pa Muloza tikuimba. Kuno nthawi imeneyo ukangotchula sosholizimu unkasowa ngati mame. Kumeneko tinaona zabwino, wina asakunamizeni. Sukulu pansi pa mitengo, nkhalamba zikuphunzira kulemba mayina awo, chipatala cha aliyense. Koma tsiku lina anatituma kukasamutsa anthu m'midzi mwawo kuti akakhale m'mudzi umodzi waukulu, azilima munda umodzi. Tinkati n'zowakomera iwo omwe. Mayi wina wachikulire anakana kusiya mitengo yake ya mango ndi manda a ana ake. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chilomwe kuti, mwananga, mzungu wapita, nanga iwe wakutuma ndani? Ndinati andituma anthu. Iye anati, anthuwo si ine?"

Anavalanso magalasi.

"Tinamukweza m'lole. Ine ndinagwira mwendo. Makamarada, pa liwu ili ndikulondola, ndipo ndidzafa ndikudziwa kuti ndikulondola. Koma ndinalondolapo kale, munthu akulira m'lole. Sindibwerezanso."

Anakhala pa kompyuta. Asanalembe mawu achinsinsi aja anawatchula mokweza, chilembo ndi chilembo, n'kutiuza tonse kuti tibwereze ngati ana a sukulu mpaka atalowa m'mutu. Anati chinthu cha tonse chokhala ndi kiyi m'thumba la munthu mmodzi ndi bodza, ndipo bodzalo analisunga nthawi yaitali. Kenako anafufuta liwu lawo ndi chala chawo chomwe n'kulemba lathu. Atatero anatulutsa mutu pazenera.

"Achimwene, dzuwa likuwotchani. Khonde layera."

A Dayisoni anakwera pang'onopang'ono, anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse, n'kufunsa ngati chinangwa chilipo. Palibe anapepesa mnzake. Chibale ndi fupa, sichiola, koma cha awiri awa chinalinso ndi minga yake. Chinkhoswe chinachitika mwezi womwewo, ndipo anakangana za mtundu wa mpunga kuyambira m'mawa mpaka alendo kubalalika.

Ndaonapo anthu ambiri akugonja chifukwa mphamvu zawathera. Munthu wogonja mphamvu zonse zili m'manja mwake ndinamuona tsiku limenelo lokha, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba izi. Pagulu sanaibweretsenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Koma zinawapweteka, ndikudziwa. Pakamwa pawo pokha ndi pomwe liwulo linatsala. A Dayisoni akakhala kulibe, ndinkamva kuchokera m'kati, "A Telala, tadzandithangatani kusuntha tebuloli," ndipo ndinkapita osatsutsa.

A Kamarada anadwala masiku ochepa. Anagwa m'mawa wina akutsegula chitseko, tinathamangira nawo kuchipatala ku Boma, ndipo pakamwa pomwe sipankapuma paja sipanatsegukenso.

Tsiku la chiliza, anthu akudya, a Dayisoni anandikokera kuseri kwa nyumba. Akalamba kwambiri chaka chimenechi.

"A Telala, liwu lija. Mawu otsegulira mukuwadziwa. Kalibwezeretseni."

Ndinawauza kuti kulowa ndingalowe, koma ndikatero chemwali wawo adzuka pansi pa simenti yomwe tangothirayo. Liwu limadutsa pa manja.

"Ndiye itanani anthu."

Tinakumana Loweruka lapitali. A Dayisoni anaimirira movutikira, anakana mpando womwe anawapatsa. Anati pa za bambo awo ndi Luwisi sanasinthe maganizo ndipo sadzasintha. Koma chemwali wawo anawagonjera pamaso pa anthu, pomwe iwo sanamugonjerepo kanthu chibadwire, ndipo akupempha kuti liwu lake libwerere pakona paja iwo asanamutsatire. Amayi ena anayamba kusisima. Mayi Nasiyaya anaimirira akupukuta m'maso.

"Ababa, ifenso tikuwasowa, Mulungu akudziwa. Koma agogo anga aja sanauke."

A Mwalabu anaitanitsa manja a ofuna kuti liwulo libwerere. Langa ndinalisiya pabondo, chifukwa a Kamarada eni ake anatiphunzitsa kuti dzanja silikwezedwa chifukwa cha chisoni. Ofuna Thangata linali dzanja limodzi, la a Dayisoni, lokalamba, lofika pa phewa basi.

Anthu anatuluka, aliyense akupewa maso a mnzake. Shopu ikuyendabe, a Mwalabu ndi mayi Nasiyaya amasinthana kutsegula, ndipo makompyuta akusindikiza monga kale. Koma pafupi ndi zenera pali mpando wa a Kamarada, wamatabwa, wokhala ndi thumba lopinda m'malo mwa khushoni, thumbalo lidakali ndi dzenje pakati. Pansi pake simenti inaperepeseka pomwe chidendene chawo chinkagunda akamatsutsana ndi munthu, ndipo pakhoma pali banga lakuda pomwe ankatsamiritsa mutu akatopa. Chipinda chimadzaza mpaka ena kuima, koma pampando umenewo palibe amakhalapo, ngakhale palibe analetsa. A Dayisoni anatsala ataima pamenepo, akusisita phewa lawo.

"A Telala," anatero osandiyang'ana, "dzanja limalemera chonchi ukalikweza wekha? Ndiye iye uja analikweza mpaka m'mwamba, ine ndili pabwalo ndikumuonerera."

Anatsamiritsa ndodo yawo pampandowo, iwo n'kukhala pansi pa simenti pambali pake, ndipo tinakhala choncho mpaka msika unatha.